N'cifukwa Ciani Anyamata Ena Amasewela Monga Akazi m'Magemu, Ndipo Atsikana Monga Amuna?

Masewela a pa vidiyo, amene acicepele amangoti magemu, afika m'nyumba zambili za anthu a mumpingo. Ana ena amasewela pa foni ya amayi awo, ena pa kompyuta, ndipo ena amapita ku tumashopu twa m'komboni kumene amalipila kangacepe kuti agwileko PlayStation. Magemu ambili asanayambe, wosewela amauzidwa kusankha munthu amene adzamuimila pa sikilini. Munthu wa m'gemu ameneyu osewela amamucha character kapena avatar.

Apa m'pamene makolo ena amadabwila. Amapeza kuti mwana wawo wamwamuna akuyendetsa mkazi wa tsitsi lalitali amene wanyamula mfuti, kapena kuti mwana wawo wamkazi wasankha cimwamuna ca ndevu ndipo wacipatsa dzina lacimuna. Ena amalanda foni nthawi yomweyo. Ena amakalipa ndi kumucititsa manyazi mwanayo pamaso pa abale ake. Enanso amangokhala cete, koma mtima uli m'mwamba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Conco tiyeni tione zimene zimacititsa osewela kusankha motele, zimene ofufuza apeza, ndi kumene kuli ngozi yeniyeni imene kholo liyenela kuyang'anila.

Si zacilendo kwa osewela

Coyamba cimene tiyenela kudziwa n'cakuti zimenezi n'zofala kwambili pa dziko lonse. Mu 2014, gulu la ofufuza a ku America ndi ku Canada, kuphatikizapo Rosa Mikeal Martey ndi Mia Consalvo, linafalitsa zimene linapeza pambuyo poonelela anthu 375 akusewela gemu yochedwa World of Warcraft. Pa amuna 100 alionse, 23 anasankha munthu wamkazi. Pa akazi 100 alionse, 7 anasankha munthu wamwamuna.

Mu 2021, kampani yofufuza za osewela yochedwa Quantic Foundry, imene mmodzi mwa oiyambitsa ndi katswili wina dzina lake Nick Yee, inapezanso zofananako. Pafupifupi mwamuna mmodzi pa atatu alionse ananena kuti amakonda kusewela monga mkazi, pamene kwa akazi anali pafupifupi mmodzi pa khumi amene anakonda kusewela monga mwamuna. Tikaona ciwelengelo cotele, n'zoonekelatu kuti anthu onsewa sangakhale ndi cifukwa cimodzi. Zifukwa zake n'zosiyanasiyana, ndipo zambili n'zapafupi kuposa mmene kholo lingaganizile.

Kufuna kupambana

Cifukwa cacikulu kwa ana ambili n'cakuti afuna kuwina. M'magemu ambili munthu aliyense amapangidwa ndi luso lakelake. Mu Street Fighter II, gemu ya ndewu imene kampani ya Capcom ya ku Japan inatulutsa mu 1991, muli mtsikana wochedwa Chun-Li amene ndi waliwilo ndipo amaponya mateche mofulumila kwambili. Mulinso cimwamuna cochedwa Zangief, camphamvu koma coyenda pang'onopang'ono. Mnyamata amene amakonda liwilo adzatenga Chun-Li, monga mmene mlimi amatengela khasu limene limam'khala bwino m'manja.

N'cimodzimodzi mu Free Fire, gemu ya pa foni imene inatuluka mu 2017 ndipo acicepele ambili amaidziwa. Mtsikana wa m'gemuyi wochedwa Kelly amathamanga kwambili. Wina wochedwa Moco ali ndi luso loika cizindikilo pa mdani amene wamuwombela, kuti anzake a m'timu aone kumene mdaniyo ali. Mwana akasankha Kelly amakhala akuganizila za kuthawa zipolopolo.

Palinso nkhani ya kukula kwa thupi. M'magemu ena owombelana, munthu wa thupi locepa amavuta kumulasa. Mu Apex Legends, imene inatuluka mu 2019, mkazi wochedwa Wraith anali wovuta kumuwombela cifukwa ca kucepa kwa thupi lake, moti opanga gemuyo anacita kusintha malamulo kwa kanthawi kuti anthu a matupi ang'onoang'ono azivulala kwambili akalasidwa. M'magemu ena kukula kwa thupi sikusintha kanthu, komabe osewela ambili amakhulupilila kuti munthu wocepa thupi saoneka msanga, ndipo amasankha akazi pa cifukwa cimeneco.

Citsanzo ca pafupi ndi ife ndi gemu ya mpila wa miyendo. Matimu a akazi anayamba kupezeka mu FIFA 16, imene inatuluka mu 2015. Kucokela mu 2023, gemuyi itasintha dzina kukhala EA Sports FC, wosewela angaike amuna ndi akazi m'timu imodzi m'cigawo cochedwa Ultimate Team. Motelo mnyamata wa ku Chawama kapena ku Chipata angaike Barbra Banda kapena Racheal Kundananji kutsogolo kwa timu yake. Amatelo cifukwa atsikanawa amathamanga ndi kucinya zigoli, komanso cifukwa ndi a Zambia anzake amene amawanyadila.

Nthawi zina palibe cosankha

Magemu ena ali ngati filimu: nkhani yake inalembedwa kale ndipo mwini nkhaniyo ndi mmodzi. Mu 1986 kampani ya Nintendo inatulutsa Metroid, mmene wosewela amayendetsa msilikali wochedwa Samus Aran wovala zitsulo thupi lonse. Amene anatsiliza gemuyo mwamsanga anadabwa kuona pamapeto kuti msilikaliyo anali mkazi. Mu 1996 kunabwela Tomb Raider, yopangidwa mumzinda wa Derby ku England, ndipo aliyense wofuna kuisewela anafunika kukhala Lara Croft. Anyamata mamiliyoni ambili anasewela monga Lara popanda kuganizapo kawili.

Kwa atsikana, kusowa cosankha kwakhala kwa nthawi yaitali kwambili. Ofufuza otsogoleledwa ndi Dmitri Williams anawelenga anthu opezeka m'magemu 150 ogulitsidwa kwambili ku America, ndipo mu 2009 anafalitsa kuti pa anthu a m'gemu 100 alionse, pafupifupi 85 anali amuna. M'magemu a Pokémon, mwayi wosankha mtsikana unayamba ndi Pokémon Crystal mu 2000, patapita zaka zinayi kucokela pamene oyamba anatuluka. Conco atsikana ambili anazolowela kusewela monga amuna cifukwa ndiwo okha analipo.

Zooneka ndi maso

M'magemu ambili wosewela amaona munthu wake ca kumbuyo kwa maola ambili, akuthamanga, kulumpha ndi kumenyana. Osewela oculuka saona munthuyo ngati iwo eni. Amamuona ngati cidole cimene akuyendetsa, mofanana ndi mmene mwana amayendetsela galimoto ya mawaya popanda kuganiza kuti iye ndiye galimotoyo. Popeza adzamuyang'ana nthawi yaitali, amasankha wooneka bwino. Nthawi zambili anthu aakazi a m'magemu amakhala ndi zovala, tsitsi ndi mitundu yambili yosankhapo, pamene aamuna amangopatsidwa zovala za usilikali zofanana.

Ofufuza a mu 2014 aja anapezanso cinthu cocititsa cidwi. Amuna amene anasankha anthu aakazi anakonda kuwapanga okongola, ndipo polemba mauthenga anagwilitsila nchito mau oonetsa mmene akumvela ndi tunkhope tomwetulila kuposa amuna anzawo. Koma kayendedwe kawo m'gemu kanakhalabe kofanana ndi ka amuna ena: anali kuima patali ndi gulu, kuyenda cobwelela m'mbuyo, ndi kulumphalumpha kuposa akazi enieni. Izi zionetsa kuti ambili sanali kuyesa kwenikweni kudzibisa kuti ndi amuna.

Apa tiyenela kukamba mosabisa. Opanga magemu ena amajambula akazi ovala mosadzilemekeza ndi matupi okokomezedwa, n'colinga cokopa anyamata kuti agule. Anyamata ena amasankha anthu otele cifukwa cofuna kuwayang'ana. Pamenepa nkhani imene kholo liyenela kukambilana ndi mwana ndi ya mmene akuphunzilila kuona akazi, cifukwa maso amene azolowela kuona mkazi ngati cinthu coseweletsa pa sikilini angavutike kulemekeza mlongo wake, mnzake wa m'kalasi, ndi mkazi amene adzakwatila m'tsogolo.

Mmene osewela ena amakucitila

M'magemu a pa intaneti mumakumana anthu osadziwana ocokela m'maiko osiyanasiyana, ndipo amacitilana zinthu malinga ndi zimene aona. Amuna ena anaona kuti akasewela monga akazi, anzawo amawathandiza msanga, amawapatsa zida zaulele, ndipo sawakalipila kwambili akalakwitsa. Ena amasankha munthu wamkazi kuti apezeko mwayi umenewu.

Kwa akazi zinthu n'zosiyana, ndipo apa m'pamene pali nkhani yomvetsa cisoni. Ofufuza awili a ku America, Jeffrey Kuznekoff ndi Lindsey Rose, anasewela gemu yochedwa Halo 3 ndi anthu osawadziwa, akumaulutsa mau ojambulidwa kale, nthawi zina a mwamuna ndipo nthawi zina a mkazi, koma okamba zinthu zofanana. Mau a mkazi analandila zonyoza zoculuka kuwilikiza pafupifupi katatu kuposa mau a mwamuna. Mu 2021, kampani ya Reach3 Insights pamodzi ndi Lenovo inafunsa akazi 900 osewela magemu ku America, China ndi Germany. Pa 100 alionse, 59 ananena kuti amabisa zoti ndi akazi akamasewela pa intaneti, kuti apewe kuvutitsidwa.

Conco mukaona mwana wanu wamkazi ali ndi munthu wamwamuna ndi dzina lacimuna, ndipo safuna kuyatsa maikolofoni, n'kutheka kuti akudziteteza. Mwina anatukwanidwapo, anafunsidwapo zithunzi, kapena anauzidwapo kuti atsikana sadziwa kusewela. Mwana wotele afunika kholo lomumvetsela. Kumukalipila kungamucititse kubisa ngakhale zoipa zimene ena akumucitila.

Cidwi cofuna kuona nkhani ndi maso a wina

Anthu akhala akuyelekezela kukhala anthu ena kuyambila kalekale. Agogo posimba nthano amasintha mau, apa akhale Kalulu, apa akhale Fisi, apa akhale mkazi wa mfumu. Acinyamata a mumpingo akamacita sewelo ndipo atsikana apelewela, mnyamata amamanga citenge ndi duku n'kukhala nkhalamba yaikazi, anthu n'kuseka, sewelo likatha n'kuvula. Ku England m'nthawi ya William Shakespeare, mbali zonse za akazi m'masewelo zinali kuseweledwa ndi anyamata.

Osewela magemu ena ali ndi cidwi cofananaco. Amatsiliza gemu monga mwamuna, kenako amaiyambilanso monga mkazi kuti aone ngati nkhani isintha. Ena amangokonda mau a wosewela amene anajambulitsa mbaliyo. M'magemu a Mass Effect, wosewela amasankha ngati mtsogoleli wochedwa Shepard akhale mwamuna kapena mkazi. Kampani ya BioWare inaulula mu 2013 kuti pa osewela 100 alionse a gemu yacitatu, 82 anasankha mwamuna ndipo 18 anasankha mkazi, koma ambili mwa ocepawo amatamanda kwambili luso la Jennifer Hale, amene anapeleka mau a Shepard wamkazi.

Komanso si onse amene amakonda kusintha. Mu 2016 opanga gemu yochedwa Rust anaganiza zoti kompyuta ndiyo izisankhila wosewela aliyense kukhala mwamuna kapena mkazi, popanda mwayi wosintha. Amuna ambili anadandaula kwambili atapezeka kuti apatsidwa munthu wamkazi. Izi zitiphunzitsa kuti osewela ali m'magulu awili: ena amaona munthu wa m'gemu ngati cithunzi cawo, ena amamuona ngati cida kapena cidole cabe.

Kodi zimasintha munthu?

Ili ndilo funso limene limavutitsa makolo ambili. Mu 2007, Nick Yee ndi Jeremy Bailenson a pa yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti maonekedwe a munthu wa pa sikilini amakhudzako kacitidwe ka womuyendetsa. Amene anapatsidwa munthu wamtali anali olimba mtima pokambilana za kagawidwe ka ndalama kuposa amene anapatsidwa wamfupi. Iwo anacha zimenezi Proteus effect, kutengela dzina la Proteus wa m'nthano za Agiriki, amene anali kusintha maonekedwe. Pambuyo pake Yee ndi anzake anapezanso kuti mu World of Warcraft, amuna oyendetsa anthu aakazi anali kucita kwambili nchito yocilitsa anzawo ovulala, imene osewela ambili amaiona ngati ya akazi.

Zimenezi zionetsa kuti munthu amatengelako khalidwe la covala cimene wavala, monga mmene mwana amayendela mwaulemu akavala yunifomu ya kwaya. Koma zimene ofufuzawa anayeza ndi kacitidwe ka pa nthawi yosewela ndi kanthawi kocepa pambuyo pake. Sanaonetse kuti kusankha munthu wamkazi kumasandutsa mnyamata kukhala wina.

N'zoona kuti alipo anthu ena ocepa amene kusankha kwawo kumagwilizana ndi mafunso amene ali nawo mumtima okhudza mmene amadzionela. Koma sikilini payokha singakuuzeni zimenezo, pakuti mwana wofuna liwilo la Kelly ndi mwana amene ali ndi nkhawa mumtima angasankhe munthu mmodzimodzi. Cimene cingakuuzeni zoona ndi kukambilana naye, ndi kuona umoyo wake wonse: mmene akudyela, mmene akugonela, mmene akucitila kusukulu, ndi ngati wayamba kudzipatula. Mwana amene wanyozedwa kapena kumenyedwa cifukwa ca cidole ca pa foni sadzabwelanso kwa inu pa tsiku limene adzakhala ndi vuto lalikulu.

Kumene kuli ngozi yeniyeni

Pali phunzilo limodzi limene mwana aliyense ayenela kutengapo pa nkhaniyi. Ngati iye angasewele monga mtsikana pamene ndi mnyamata, ndiye kuti wina aliyense angacitenso cimodzimodzi. Amene aoneka ngati mtsikana wa zaka 14 pa sikilini angakhale bambo wa zaka 40. Anthu a zolinga zoipa amagwilitsila nchito njila imeneyi. Amayamba ndi kuceza m'gemu, amapatsa mwana mphatso za m'gemumo, kenako amamupempha nambala ya WhatsApp. Akazolowelana amapempha zithunzi zosayenela, ndipo akazilandila amayamba kuopseza kuti azifalitsa ngati satumizilidwa ndalama. Anyamata nawonso amagwa mumsampha umenewu, maka-maka akakhulupilila kuti akuceza ndi mtsikana.

Apa tiyenela kusiyanitsa zinthu ziwili. Kusankha munthu wa m'gemu ndi mbali ya sewelo, ndipo osewela onse amadziwa kuti cithunzi sindiye munthuyo. Koma kuuza munthu mwacindunji kuti ndiwe mtsikana n'colinga cakuti akupatse mphatso kapena ndalama ndi bodza ndi cinyengo, ngakhale kuti zacitikila pa foni. Mwana afunika kuuzidwa malile amenewa momveka bwino.

Ngozi ina ndi ya ndalama. Magemu ambili a pa foni ndi aulele poyamba, koma anthu apadela ndi zovala zawo amagulitsa. Mwana angathe ndalama za pa foni ya kholo pogula zovala za cidole, kuwonjezela pa mabandulo amene amatha tsiku lililonse.

Zimene makolo angacite

Khalani naye pansi mwana wanu pamene akusewela, ndipo m'funseni mwaubwenzi kuti, "Uyu ndani? N'cifukwa ciani wasankha ameneyu?" Ana ambili amakondwa kufotokoza, ndipo yankho limabwela msanga: amathamanga kwambili, ali ndi mfuti yabwino, kapena anzanga onse anatenga kale enawo. Funsaninso kuti amasewela ndi ndani, ndipo ngati anthuwo anawaonapo maso ndi maso.

Onani zaka zimene gemu inalembedwela. Magemu ambili amakhala ndi cizindikilo ca PEGI coonetsa 3, 7, 12, 16 kapena 18, ndipo pa Google Play zaka zoyenela zimalembedwa pafupi ndi dzina la gemu. Pa mafoni a Android pali pulogilamu yaulele yochedwa Family Link imene imathandiza kholo kuika malile a nthawi ndi kuletsa kugula zinthu popanda cilolezo. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni yanu isadziwike kwa ana.

Pangani naye pangano lakuti sadzapatsa munthu wa m'gemu dzina lake lonse, sukulu yake, kumene akhala, nambala ya foni kapena cithunzi. Mulonjezeni kuti akakuuzani za munthu amene akumuvutitsa, simudzayamba ndi kumulanda foni, cifukwa mantha olandidwa foni ndiwo amatseka ana pakamwa. Ngati mwana waopsezedwa kapena kupemphedwa zithunzi, sungani mauthengawo, kanenani ku polisi, ndipo mungaimbenso nambala yaulele ya 116 ya Childline Zambia.

Anyamata athu aphunzitsidwenso kuti mtsikana amene akumana naye m'gemu ndi mwana wa munthu, woyenela ulemu umene angafune kuti mlongo wawo apatsidwe. Atsikana ambili sakanafunika kubisala kumbuyo kwa ndevu za cidole cikanakhala kuti anyamata amasunga pakamwa pawo. Aphunzitsi a Sande sukulu ndi atsogoleli a acinyamata angathandize pokambilana nkhanizi pa misonkhano yawo, pakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo ana ena amamasuka kwa mlangizi kuposa kwa kholo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanaweluze mwana cifukwa ca munthu amene ali pa sikilini yake, yambani mwamufunsa, mumve yankho lake mpaka kumapeto, ndipo mufufuze kuti amene akukamba naye kumbali inayo ndani.